Njira Yozungulira Phiri ya a Bizwell Sakala

A Bizwell Sakala akhala pa chishalo cha njinga zaka zoposa makumi anayi. Kwawo ku Kasenengwa anthu amati ukafuna kudziwa mwezi usavutike ndi kalendala, ungoyang'ana chimene a Sakala amanga pa kaliyala. Ukaona matumba a feteleza, konza khasu. Ukaona dengu la bowa lovundikiridwa ndi masamba a nthochi, Chaka Chatsopano changodutsa kumene. Nshawa zimakwera njinga mu Meyi, thonje mu Juni. Mphepo ya Julaye ikamalowa m'malaya, kumbuyo kwawo kumakhala nzimbe zotalika kuposa njingayo. Koma mu Okutobala, minda ili gwa, mapiri atapsa n'kuda bii, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, iwo amanyamula chilichonse chimene chapezeka: malata, mbuzi, chitseko, kapena mayi wopita ku chipatala.

Anaphunzira kutchova ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa njinga ya atate awo, mwendo atalowetsa pansi pa chitsulo chifukwa chishalo sankachifikira. Chipsera chimene chili pachibwano pawo n'cha chaka chimenecho. Atakula anapita ku Chipata, nakhala ku Kapata m'kachipinda kamodzi ndi anzawo atatu, n'kumanyamula anthu kuchokera pamsika kupita kulikonse kumene munthu waloza. Kumeneko anaphunzira kuti wonenepa wodziwa kukhala salemera ngati wowonda wamantha, ndi kuti chitunda sachithamangira, amachinyengerera.

Kumenekonso ndi kumene anaona a Ketilina, atasenza dengu la tomato, akutsika kupita kumsika. Loweruka loyamba anawaimbira belu, a Ketilina anakana kukwera. Loweruka lachiwiri anakananso. Loweruka lachitatu anati, "Kwezani tomatoyu yekha, ine ndili ndi miyendo." Tsiku limenelo a Bizwell anakankha njinga ulendo wonse osakwera ngakhale kamodzi, tomato ali pa kaliyala ngati bwana, iwo ndi a Ketilina akuyenda m'mbali. Chaka chisanathe anakwatirana, ndipo a Bizwell anasiya tauni kukakhala mkamwini kwa Mtambalika, kwawo kwa mkazi.

Monga mwa mwambo, mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, satchulana maina. Akakumana panjira mmodzi amapatukira patchire n'kunjuta, ndipo akafuna kulankhulana mawu amadzera mwa munthu wina. Si chidani, ndi ulemu. Sikutinso zimakhala choncho mpaka imfa. M'banja la a Ketilina, ana awiri akabadwa apongozi ankaphera mkamwini tambala n'kudya naye, kuopana n'kuthera pomwepo. Hellen anabadwa, Emmanuel anatsatira. Koma mwezi womwe Emmanuel anabadwa, bambo a Ketilina anamwalira. Maliro atatha, nawonso atate a Bizwell anayamba kufooka, ndipo a Bizwell anapempha chitengwa, natenga banja lawo kupita kwawo kwa Chambakata, kutsidya kwa phiri la Mkwichi. Pa chipwirikiti chonsecho tambala sanaphedwe. Papita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Tsono kuchokera ku Chipata kupita kwa Chambakata pali njira ziwiri. Msewu wa tala ukatha, mumayenda wafumbi mpaka pamphambano pomwe pali mtengo waukulu wa mkuyu. Ya kumanja ndi yachidule: imakwera pang'ono, kudutsa kwa Mtambalika, kenako n'kutsika bwinobwino mpaka kwa Chambakata. Vuto lake n'lakuti imadutsa pakati penipeni pa khonde la a Dolika Mbewe, amene onse amawatchula kuti aNambewe, ndi nkhokwe yawo. Iwowo ndiwo amayi a Ketilina. Ya kumanzere imazungulira phiri lonse, m'nkhalango, m'miyala, kuwoloka mtsinje wa Kamwala, ndipo imawonjezera ola lathunthu. A Bizwell, chichokereni kwa Mtambalika, akhala akukhotera kumanzere.

Sikuti apongozi awo anawataya. Malata a nyumba ya aNambewe anabwera pa njinga ya a Bizwell, koma anatsitsidwa kumapeto kwa mudzi, alamu n'kudzasenza. Mchere, shuga, sopo, zonse zimapita ndi a Ketilina. Nawonso aNambewe chaka chilichonse amatumiza nkhwani wouma ndi mbewu ya nshawa "kwa bambo a Hellen". Ku tchalitchi sizivuta, poti amuna amakhala mbali yawo, akazi yawo.

Njira yakumanzereyo a Bizwell anafika poikonda. Amaidziwa ngati munda wawo. Amadziwa muzu umene umaphulitsa tayala, ndi mwala umene umaterera mu Febuluwale. Mu Sepitembala mitengo ya mombo imavala masamba atsopano ofiira psuu mvula isanagwe n'komwe, ndipo iwo amachepetsa liwiro kuti aione bwino. Mu Novembala masuku amagwera panjira pomwe. Dzinja likafika Kamwala amadzaza, ndipo iwo amavula nsapato, njinga n'kuisenza paphewa.

Pansi pa mkuyu wa pamphambano pamakhala a Abel Mwale, okonza njinga, amene anakulira limodzi ndi a Bizwell ndipo sanaphunzirepo kuwasiya kuti adutse mwamtendere.

"Sakala! Lero yesako kumanja, apongozi saluma!"

"Iwe konza machubu ako."

"Matayala amene wathera kuseri kwa phiri ukanatsegula nawo sitolo, mwamuna iwe. Koma pitiriza, ine ndikudyerapo."

A Bizwell amangoimba belu, n'kulowa m'nkhalango.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, mawondo anayamba kudandaula. M'mawa ankalira ngati chitseko chakale. A Bizwell anaona kuti tsiku lotsika panjinga likubwera, ndipo munthu akatsika ayenera kupeza poponda. Kudimba kwawo kuli kasupe amene saphwa. Malimwe awiri athunthu, akabwerako kokanyamula katundu, ankatenga khasu ndi fosholo n'kumakumba dziwe loweteramo nsomba. Anakumba okha, a Ketilina akututa dothi ndi beseni. Anathiramo ndowe za mbuzi mpaka madzi anabiriwira. Chimene chinatsala ndi mbewu: tinsomba mazana atatu, timene anakambirana kale ndi mlimi wina woweta nsomba kufupi ndi mtsinje wa Lutembwe. Mlimiyo anali atanena kuti iyi ndi mbewu yotsiriza ya chaka chino. Tikapanda kufika tamoyo, dziwe likhala la achule mpaka chaka chamawa, ndipo a Bizwell sankadziwa ngati mawondo adikira chaka china.

Ananyamuka m'bandakucha, Lachinayi lina kumapeto kwa Okutobala, ndi cholinga choti dzuwa likamatuluka akhale atatenga kale tinsombato, likamayamba kuluma akhale ali kunyumba. Pa kaliyala anamanga chigubu chachikulu chodulidwa pakamwa. Koma atafika anapeza ukonde wa mlimi uja utang'ambika, antchito akuusoka. Anadikira. Mthunzi wa njinga unafupika, unafupikanso. Pomwe tinsomba tinkalowa m'chigubu, nthawi inali itadutsa teni koloko.

"Mukaona tayandama pamwamba tikuyasamula, ndiye kuti mpweya watha m'madzimo," anatero mlimiyo. "Mutaye theka, muthire ena abwino, pang'onopang'ono. Koma osati a pampopi a m'tauni, amene aja ali ndi mankhwala."

"Ndisinthira pa Kamwala," anayankha a Bizwell. "Pali dziwe pansi pa mwala. Chibadwire changa silinaphwepo."

Anavundikira chigubu ndi saka lonyowa, namanga ndi malegeni, nanyamuka. Madzi ndi katundu wamwano. Thumba la chimanga ukalimanga limakhala pomwe waliika, koma madzi ukakhotera kumanja iwo amafuna kumanzere. Anadutsa m'tauni mwaulemu ngati anyamula mkwatibwi, maminibasi akuwaimbira mahutala, anyamata a njinga zamoto akuwazungulira. Tala atatha, fumbi linawalandira. Kutsogolo kamvuluvulu ananyamula makoko a chimanga n'kupita nawo kumwamba. Saka lija linauma asanafike pamkuyu.

"Lero wanyamula chiyani, kachasu?" anafuula a Abel.

"Nsomba zamoyo."

A Abel anaimirira, nasuzumira m'chigubu, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. "Iwe, dzuwa ili? Pita kumanja."

"Ndisinthira pa Kamwala."

"Sakala, ndikuti pita kumanja."

A Bizwell anaimba belu, nakhotera kumanzere.

M'nkhalango munalibe mthunzi weniweni, poti moto unali utadutsamo. Nyenje zokhazokha. Anatchova mofulumira kuposa mmene mawondo amalolera, ndipo atatsikira ku Kamwala anaima osakhulupirira maso awo. Pansi pa mwala panali matope ong'aluka ndi mapazi a ng'ombe. Pambali pake panali mizere ya njerwa zatsopano zikuuma padzuwa. Anthu ena anali ataumba njerwa sabata yomweyo, n'kumaliza dziwe lonse.

Anavundukula saka. Tinsomba tonse tinali pamwamba, timilomo tikutseguka ndi kutsekeka. Tiwiri tinali titagona chammbali, mimba zili mbee.

Kuchokera pamenepo kukafika kunyumba kunali kutatsala ola limodzi ndi theka. Kubwerera pamkuyu kunalibe phindu, a Abel madzi awo ndi a m'botolo oyesera machubu. Koma panali kanjira ka otola nkhuni, kokwera pakhosi pa phiri n'kutsikira kwa Mtambalika, ulendo wa theka la ola kwa munthu wokankha njinga. A Bizwell anavula chipewa, napukuta thukuta, nayang'ana kanjirako nthawi yaitali. Anadzilimbitsa mtima kuti mudzi ndi waukulu, pali mjigo kumapeto kwake, pali alamu, pali ana. Atunga madzi osayandikira n'komwe khonde lija. Anagwira mahandulo ndi dzanja limodzi, lina pachigubu, nayamba kukankha.

Kwa Mtambalika anapeza kuli zii. Mudzi wonse unali utapita kusukulu kukalembetsa za feteleza. Mjigo unali wopanda mkono, utamangidwa ndi minga, zikuoneka kuti unafa kalekale. Nkhuku zinali pansi pa nkhokwe, milomo ili yasa. Mudzi wonsewo munthu anali mmodzi yekha, mayi wokalamba atakhala pakhonde, lichero pamiyendo, akuswa nshawa za mbewu.

A Bizwell anaimika njinga pansi pa mtengo wa mango, chapatali ndithu. Anavula chipewa, nanjuta, nkhope atalozetsa ku nkhokwe, nawomba m'manja katatu.

ANambewe anadzutsa mutu. Ataona amene wabwera, anakoka chitenje kuphimba kumutu, natembenukira kukhoma, lichero lili m'manja. Panalibe mwana woti atume, panalibe mlamu, ngakhale galu. Kenako mawu awo anamveka, akuthwa ngati kale.

"Njinga iwe. Wasochera kodi? Kapena kwanu kwagwa zovuta?"

A Bizwell anayankha maso ali ku nkhokwe. "Njinga, uwauze mayi kuti kulibe maliro. Onse kunyumba ali bwino. Koma ndanyamula odwala."

"Uwafunse kuti odwalawo ali kuti, poti ine ndangoona chigubu."

"Uwauze kuti ali m'chigubumo. Ndi tiana ta nsomba. Tikufa ndi kutentha. Ndimati mwina mayi angandigawireko madzi."

"Nsomba zikupempha madzi kwa ine! Zaka zonsezi ndakhala pano, izi ndiye sindinazimvepo." Anaika lichero pansi. "Uwauze kuti a mumtsuko atsala ochepa, sangakwane. Anditsate. Chitsime chawo chija sichinaphwe."

A Bizwell anali ataiwala. Chaka chawo choyamba cha ukamwini, pofuna kuonetsa kuti mwana wa eni sanakwatiwe ndi mlesi wa m'tauni, anakumba chitsime kumunsi kwa nyumba, pakati pa nthochi. Anatsika tsopano mondondozana, aNambewe patsogolo ndi ndodo yawo ndi chikho, a Bizwell m'mbuyo mapazi khumi, akugwira mabuleki, maso ali pa tayala lakutsogolo. Nthochi zinali zitakula n'kukhala nkhalango. Pansi pake panali pozizira, ponunkhira dothi lonyowa, ngati Okutobala sanafikeko.

Anamasula chigubu, nachitsitsa. Anatenga ndowa ya pachitsimepo, natunga yodzaza. Apa ndi pomwe panali vuto. Kuti ataye theka la madzi akale tinsomba osatuluka nawo, pankafunika wina wopendeketsa chigubu, wina wogwira nsalu pakamwa pake ngati sefa. Saka linali ndi mabowo aakulu.

"Njinga," anatero aNambewe, ngakhale njingayo inali itatsamira nthochi chapatali, "uwauze apendeketse. Nsalu ndigwira ine."

Anamasula chitenje chapamwamba, nagwada mbali ina ya chigubu. A Bizwell anagwada mbali inayo. Mawondo awo anatsala pang'ono kugundana. ANambewe anapotolera khosi kum'mawa, a Bizwell kumadzulo. Wina anakunga nsalu pomwe ankaganiza kuti pali kamwa la chigubu, wina anapendeketsa komwe ankaganiza kuti kuli nsalu. Madzi anayamba kutayika, ndipo phokoso lake linali labwino ndithu, mpaka aNambewe anamva kanthu kakuphiriphitha pa phazi lawo. Anayang'ana pansi. Nsalu inali mbali ina, madzi akudzera mbali ina, tinsomba tili balala pamatope, tikudumphadumpha.

"Bizwell! Tayang'anani kuno inu, nsomba zikutayika!"

A Bizwell anayang'ana. Anadzutsa chigubu, ndipo onse awiri anagwera pamatope ndi manja anayi, kutola, kuponya m'ndowa, kutolanso. "Ako kali pa bondo lanu!" "Gwirani aka, mayi, kakulowa m'masamba!" "Osafinya, mukapha!" Atatola tonse anayambiranso, tsopano akuona chimene akuchita. Nsalu inakhala pakamwa, madzi otentha anatuluka, tinsomba tinatsala. ANambewe anatenga chikho, natunga m'ndowa, nakweza dzanja m'mwamba ngati akupeta mapira, madzi n'kumagwa ngati chingwe chowala, thovu likuwira m'chigubu.

"Pang'onopang'ono, mayi. Anati tisatidzidzimutse."

"Ndasambitsa makanda asanu ndi atatu ine. Musandiphunzitse kuthira madzi."

Chikho chachisanu, chachikhumi. Timilomo tinayamba kuchoka pamwamba. Kamodzi kanagwedeza mchira n'kumira, ena anatsatira, ndipo posakhalitsa pansi pa chigubu panali kamtambo kakuda kakuzungulira. Pamwamba panatsala tisanu ndi tinayi toyera mimba. A Bizwell anatiwola ndi dzanja n'kutiika patsamba la nthochi.

Ndi pomwe onse awiri anazindikira. Anali atakhala pansi maso ndi maso, matope mpaka m'zigongono. Aka kanali koyamba a Bizwell kuona nkhope ya apongozi awo pafupi. Inali yaing'ono kuposa mmene ankaganizira, ndipo maso anali a Ketilina enieni. Dzanja la aNambewe linapita kumutu kufuna chitenje, koma chitenje chinali m'matope. Anayang'ana dzanja lawolo, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo a Bizwell nawo anagwira pamimba.

"Ndakutchulani dzina," anatero aNambewe akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Lathawa lokha pakamwa. Nsomba zanuzi zilibe mwambo."

"Pepani, mayi. Ndalakwa ndine, kubwera chonchi."

"Mwalakwa kuchedwa. Mukudziwa kuti tambala wanu ndinamusunga? Wofiira, wa lipombo lalikulu. Ndinati maliro akatha abwera, tidzadya. Anafa ndi ukalamba tambala ameneyo. Ndinasankha wina. Ameneyo anadyedwa ndi vumbwe. Wachitatu ndinadya ndekha pa Khirisimasi chifukwa cha mkwiyo."

"Ine ndimadikira kuitanidwa, mayi. Mkamwini sadziitanira yekha tambala."

"Nanga ndikanaitana bwanji munthu wosadutsa? Ndimati mwina anakhumudwa ndi ife, n'chifukwa chake amazungulira phiri."

"Ine kuzungulira kuja ndimati ndikukupatsani ulemu."

"Ulemu wa ola lathunthu! Ketilina naye osanena kanthu?"

"Amati za inu ndi ine sizimukhudza."

"Mwana ameneyo anatengera bambo ake." ANambewe anapukusa mutu. "Koma ndimakumvani, mukudziwa? Mphepo ikamachokera kuphiri, belu lanu limafika pakhonde panga. Mumaliimba potsikira ku Kamwala."

"Pali ngodya pamenepo. Ndimaopa ng'ombe."

"Ndikalimva ndimati, bambo a Hellen adutsa, ali moyo. Likapanda kumveka sabata yathunthu ndimatuma munthu kukafunsa Ketilina ngati kuli bwino."

A Bizwell anayang'ana m'chigubu. Kamtambo kaja kankazungulirabe.

"Nyamukani," anatero aNambewe. "Za tambala tikambirana tsiku lina, alipo wamawangamawanga amene akundisowetsa tulo. Odwala anuwa akafike kaye." Anatsuka chitenje chija m'ndowa, osachifinya, nachikulunga kuzungulira chigubu. "Saka lanu ndi lopanda ntchito. Ichi chisunga madzi mpaka kwanu. Titi tafati ndisiyireni, mphaka wanga aone Khirisimasi."

Anathandizana kukweza chigubu pa kaliyala. A Bizwell anakankha njinga kudutsa pakati pa khonde ndi nkhokwe, chipewa chili m'manja, ndipo sanakwere mpaka atapitirira nyumba yomaliza.

Njira yachidule inali itasintha osawauza. Pomwe ankakumbukira mlatho wa mitengo panali wa simenti. Panali chigayo, panali tchalitchi chatsopano cha njerwa zootcha, ndipo timitengo ta bulugamu timene anatisiya tofika m'chiuno tinali titasanduka mizati. Kenako njira inayamba kutsika. Inatsika mofatsa, mokhotakhota, m'mbali mwa phiri, osafuna kuti munthu atchove ngakhale kamodzi. Mawondo anapuma. Mphepo inalowa m'malaya onyowa ndi thukuta, madontho a chitenje akuwagwera pa akakolo. Kumunsi chigwa chonse chinaoneka, minda yofiira yodikira mvula, madimba obiriwira motsata mitsinje youma, ndipo kutali cha ku Malawi mitambo iwiri itatu inali itaunjikana, yoyera pamwamba, yakuda pansi. A Bizwell anagwira mabuleki pang'ono chifukwa cha katundu, koma pakamwa sanagwire. Anaimba nyimbo ya kwaya imene sankadziwa kuti akuikumbukira.

A Ketilina anali kudimba kuyambira m'mawa, akuthirira repu ndi kuyang'ana kunjira ya kunkhalango. Anadzidzimuka kumva belu kumbuyo kwawo.

"Mwadzera kuti, bambo a Hellen? Ine maso ali uku."

"Tandithandizani kaye kutsitsa."

Anatsitsa chigubu, nachiika m'dziwe chili chotseka ndi nsalu, kuti madzi a mkati ndi a kunja ayambe azolowerana. A Bizwell analowa m'madzi mpaka m'mawondo, atachigwira kuti chisagubuduke. A Ketilina anaima pamphepete, manja m'chiuno. Maso awo anali pa nsalu.

"Chitenje ichi ndikuchidziwa."

"Chingakhale."

"Ndinagula ine ku Kapata chaka chatha. Ndinapatsa amayi." Anayang'ana matope a m'zigongono za amuna awo. "Mwachitenga pa chingwe choyanikira?"

"Anandipatsa okha."

"Kudzera mwa yani? Mudzi wonse uli kusukulu lero."

"Poyamba kudzera mwa njinga."

"Kenako?"

"Kenako njinga inatopa."

A Ketilina anakhala pansi pa udzu pomwepo, nagwira pakamwa. Anafuna kufunsa zambiri, koma a Bizwell anakweza dzanja. Nthawi inali itakwana. Anamasula nsalu, napendeketsa chigubu pang'onopang'ono mpaka madzi a dziwe analowa n'kusakanikirana ndi a chitsime. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako kansomba kamodzi kanafika pakamwa pa chigubu, kanaima ngati kakufunsa za mudzi, n'kutuluka. Tinatsatira tiwiri, kenako khumi, kenako tonse pamodzi ngati utsi, n'kubalalika m'madzi obiriwira. Anasuzumira m'chigubu. Munatsala titatu tokha tosayenda.

"Khumi ndi tiwiri mwa mazana atatu," anatero a Bizwell. "Dziwe lili ndi eni ake tsopano."

"Ndikatenge gaga?"

"Lero ayi. Anati tigone ndi njala, tidye mawa."

Anatuluka m'madzi, nakhala pafupi ndi akazi awo, miyendo atatambasula kuti iume. Pamwamba pa dziwe pankaoneka timizere tating'ono, apa, apo, kenako pakati. A Ketilina anatenga chitenje chija, nachitsukuluza, nachifinya, nachiyanika pa mpanda wa dimba. Chitauma anachipinda bwinobwino kanayi n'kuchiika pa kaliyala.

"Ichi mukabweza nokha," anatero. "Ine ntchito ya utumiki ndaisiya lero."